Ku Insaca, bwato limafika mpaka pamchenga

Munthu wofika ku Insaca, likulu la boma la Mecanhelas, sachedwa kuona kuti moyo wa kuno watsamira pa madzi. Kumadzulo kuli nyanja ya Chilwa, chakumpoto kuli Chiuta ndi Amaramba. M'mamawa njinga zimalowa mumsika zitasenza madengu a matemba ndi milamba yowamba, ndipo ogulitsa ena amakhala atachokera tsidya la Malawi.

Nyanja ya Chilwa si yakuya. M'malo ambiri asodzi amakankha bwato ndi nsungwi yaitali, ndipo mu 1968, 1995 ndi 2018 madzi anaphwa mpaka anthu kuyenda pansi pamene ankaponya maukonde. Kulibe madoko a simenti. N'chifukwa chake bwato la kuno liyenera kukhala losamira kwambiri, lotha kukafika pamchenga ndi kutsitsa katundu pomwepo.

Nzeru imeneyi ndi yomwe inagwira ntchito pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Asilikali a Britain atathawa ku Dunkirk mu 1940, anasiya magalimoto ndi mizinga yambiri pagombe chifukwa panalibe sitima yoti inyamule. Apo anayamba kuganiza za sitima yotha kutsitsa akasinja popanda doko. Inatchedwa LST, ndipo pakati pa 1942 ndi 1945 dziko la America linapanga zoposa 1,000.

Sitimayi inali yotalika pafupifupi mamita 100, ya pansi pophwatalala. Kutsogolo kwake kunali zitseko ziwiri zazikulu ndi mlatho wotsika, pamene akasinja ankadutsa. Ikakhala pakati pa nyanja, inkadzaza madzi m'matanki a pansi kuti mafunde asaigubuduze. Poyandikira gombe inkawapopa kuti ipepuke, ndipo inkaponya nangula kumbuyo. Ikatsitsa katundu, makina ankakoka chingwe cha nangulayo n'kuibwezera kwakuya. Sitima zotere zinatsitsa asilikali ku Sicily mu 1943 ndi ku Normandy mu June 1944.

Wina angafunse kuti zikukhudza bwanji Niassa. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu September 1964, Apwitikizi anaona kuti asilikali a FRELIMO akuyenda m'mbali mwa nyanja ya Niassa, kumene kunalibe misewu yabwino. Analimbitsa malo awo a nkhondo ya pamadzi ku Metangula, ndipo anabweretsa mabwato oyendera pamodzi ndi ena otsitsira asilikali. Amenewa anali ang'ono kwambiri poyerekeza ndi LST, koma mapangidwe anali amodzimodzi: pansi pophwatalala ndi chitseko chotsika kutsogolo.

Mabwatowo sanabwere pamadzi ayi. Anakwezedwa pa sitima ya pamtunda kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, anadutsa pa Cuamba, pamene nthawiyo pankatchedwa Nova Freixo, mpaka ku Catur komwe njanji inkathera. Kuchoka apo magalimoto akuluakulu anawakoka mpaka ku Meponda. Njanji yodutsa m'boma la Mecanhelas, ya ku Entre Lagos ndi Nayuchi, inatsegulidwa pambuyo pake mu 1970.

Kwa anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, bwato lofika mpaka pamchenga linali nkhani ya mantha, chifukwa panalibe gombe lomwe asilikali sakanatha kutsikira. Mabanja ambiri anathawira ku Likoma, ku Tanzania ndi madera ena a Malawi. Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Lusaka la pa 7 September 1974.

Lero mabwato ofika pagombe la Chilwa kufupi ndi Insaca amatsitsa nsomba, matumba a mpunga, njinga ndi odwala opita kuchipatala. Nkhawa ya asodzi tsopano ndi madzi: akaphwanso ngati mu 2018, ngakhale bwato lopepuka bwanji lidzagona pamatope.