Mwera Kumsana, Nyanja Kudzanja Lamanja

Masiku ano munthu akakwera minibasi ku Salima m'mawa, nsima ya masana amakadyera ku Dwangwa. Ukamufunsa zimene waona m'njira, amangoti kunali kutentha. Ine ndi alamu anga, amene pano anatsogola, tinayenda msewu womwewo pa njinga zakapalasa m'zaka za m'ma 1980, kupita ku ukwati wa mphwathu ku Chintheche. Alamu anali ndi Humber yakuda, ine kanjinga ka Hero. Pakeliyala tinamanga bulangete, thumba la ufa, pampu, masipanala ndi chubu chakale chodulako zigamba. M'thumba la malaya munali khadi la chipani, chifukwa nthawi imeneyo wopanda khadi sankalowa mumsika.

Tsiku lonyamukira tinalisankha potsatira malangizo a msodzi wina wa ku Senga Bay. Iye anati: "Achimwene, ngati mukupita kumpoto, dikirani Juni. Mwera ukakunyamulani." Sananame. Kuchokera ku Khombedza mpaka ku Benga, mphepo inkatikankha kumsana moti pena tinkangoimika mapazi pamapedulo. Koma pobwerera mwera womwewo unatilipiritsa ngongole yonse. Tinkadzuka tambala woyamba, n'kupalasa kusanache, dzuwa likafika pamutu n'kukhala pansi pa mtengo wa mango.

Pamlatho wa Chia, pomwe madzi a thamanda la Chia amatulukira kupita m'nyanja, tinaima kuti tigule nsomba. Amayi ena atationa fumbi lili mbuu m'miyendo anatikana ndalama, n'kutiuza kuti tikhale pamkeka. Anatiphikira kondowole ndi chambo chofutsa, chothira mchere ndi matimati basi. Ife a nsima ya chimanga kondowole timainyoza kuti imakakamira kukhosi. Ndikuuzeni, kwa munthu wopalasa njinga palibe chakudya choposa chimenecho. Ukadya masana, njala imadzakukumbuka mawa.

Kuboma ku Nkhotakota tinachedwako dala. Alamu anali munthu wa Angilikani, ndiye anandikokera ku tchalitchi cha All Saints kukaona manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, namondwe atagubuduza bwato lake. Chapafupi pomwepo pali mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, kumupempha kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sanamve. Zombo zake zinapitiriza kuwolotsa anthu kupita kutsidya, komwe ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Mkulu wina amene tinamupeza pamthunzipo anatilozera kugombe ndi ndodo yake, ndipo alamu, omwe anali odziwa kuseka, anayenda mwakachetechete mpaka ku akasupe otentha a Mawira, kumene tinaviika miyendo yotupa.

Kupitirira Lozi, tayala langa lakumbuyo linaphwa. Achinyamata a lero akangoona zotero amafuna chubu chatsopano. Alamu anagwada, n'kutukula tayala ndi chogwirira cha supuni, n'kusolola chubu. Tinapempha beseni la madzi pakhomo lina. Anapopa pang'ono, n'kumamiza chubucho chigawo ndi chigawo mpaka tithovu tinayamba kutumphuka. Pobookapo anapalapo ndi kamwala, n'kupakapo soloshoni ndi chala, kenako anangokhala. Ine mtima unali m'mwamba, ndikuyang'ana dzuwa. "Alamu, soloshoni sathamangitsidwa," anatero. "Mukamata isanaume, tidzatsikanso pa Bua." Chigamba chimenecho chinakafika ku Chintheche n'kubwerera, ndipo chinatha chaka.

Pa Bua penipenipo tinkafuna kusamba, koma mnyamata woweta ng'ombe anatikuwira kuti pamenepo mpa ng'ona. Anatilondolera pamalo ena pomwe amuna a m'mudzimo ankasamba. Safunsa anadya phula. Ndi mumtsinje womwewo mmene mpasa zimakwera kuchoka m'nyanja kukaswana m'nkhalango ya Nkhotakota. Nthawi imeneyo mpasa youma inkapezeka m'mbali mwa msewu pamtengo woti ngakhale ife tinakwanitsa. Nkhalangoyo njovu zake zinadzachepa kwambiri chifukwa cha opha nyama mozemba, mpaka a African Parks atayamba kuisamalira mu 2015 n'kubweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete.

Za minda ya nzimbe ya ku Dwangwa sindinena zambiri. Inali yobiriwira, yaitali, yotopetsa maso, ndipo mathirakitala sankatipatsa mpata.

Zogona sizinativutepo. Dzuwa likapendeka tinkafunsa kwa anyakwawa, n'kutsamiritsa njinga pankhokwe, n'kukhala pansi kudikira malonje. Tinkanena kumene tachokera, kumene tikupita ndi mfunda wathu. Ufa wathu tinkaupereka kwa mayi wa pakhomo, ngakhale kawirikawiri ankatibwezera. Titawoloka Dwambazi chinenero chinasintha, anthu akuyankhula Chitonga, koma mwambo wa malonje unali womwewo. Ku Tukombo tinaona nkhungu zitaimirira pakati pa nyanja ngati utsi wa lupsa, amayi akukonza malichero oti akazikole mphepo ikazibweretsa kumtunda.

Lero mawondo sandilolanso. Koma ndikaona anyamata a kabaza pa Nkhotakota, atanyamula matumba a mpunga kapena mabasiketi a usipa, ndimadziwa kulemera kwa chitunda chilichonse chimene akukwera. Msewu umenewu wa M5 ndi wopapatiza, m'mbali mwake phula linanyenyeka, ndipo milatho ina njodutsa galimoto imodzi. Inu madalaivala a malole a shuga ndi a minibasi, mukaona wa njinga kutsogolo, chepetsani liwiro. Hutala yokha siimupatsa poti athawire.