TSIKU LIMENE NJINGA ZIPATSIDWA ULEMU MU LUSAKA

Pa 3 June caka ciri conse maiko a dziko lapansi akumbukira njinga. Tsikuli linakhazikitsidwa ndi bungwe la United Nations m'caka ca 2018, ndipo mu Lusaka, monganso m'mizinda ina, okwera njinga asonkhana m'mawa ndi kuyendera pamodzi m'miseu ya mzinda. Mayendedwe a cigulu otere anachuka ku San Francisco, m'dziko la America, kuyambira mu 1992, pamene okwera njinga anafuna kuonetsa kuti mseu ndi wao naonso.

Munthu wa m'komboni wofuna kukhala nao pa ulendowu acoka kunyumba kusanace, mphepo ya June iri kuluma zala. Wa ku Matero atsata mseu wa Lumumba, ndipo wa ku George ayamba wadzera ku Matero komweko. Wa ku Chawama alowa m'tauni ndi mseu wa Kafue. A ku Mtendere ndi Kalingalinga, kum'mawa kwa mzinda, abwera ndi mseu wa Alick Nkhata, woyimba uja amene mau ace anali kumveka pa wailesi m'midzi yambiri. Wa ku Kanyama athokoza kuti mweziwu ndi wouma, pakuti dzinja likafika madzi asowa kolowera pa thanthwe la kumeneko, monga zinacitikira pa cigumula ca 1978.

Onsewa akakumana, mseu usandulika. Mabelu alira, ana a m'mbali mwa mseu akuwa ndi cimwemwe, ndipo woyendetsa minibasi amene masiku onse akankhira wa njinga ku ngalande acepetsa liwiro nadikira. Wofooka pa cikweza anzace amuyembekeza. Amene cheni cace caduka sasowa womubwereka sipanala. Akuluakulu sananame pamene anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Komatu okwera njinga enieni a mu Lusaka sayembekeza tsiku la cikondwerero. Iwo ndi abambo aja amene alowa mumzinda mbandakuca atamanga matumba a makala, matimati kapena ndiwo za masamba, kupita nazo ku msika wa Soweto. Kale ambiri anali kupalasa njinga za Eagle zocokera ku fakitale ya ku Chipata. Masiku ano za Buffalo zaculuka. Njingayo ndiyo munda wao, ndiyo ilipira nyumba ndi kutumiza ana ku sukulu.

Anthuwa ayenda pakati pa ngozi. Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, koma makomboni anamera m'mbali mwace popanda dongosolo, ndipo lamulo lolola kuwazindikira ndi kuwakonza linadza mu 1974. Kufikira lero miseu yambiri iribe njira yapadera ya njinga, kotero wa makala apikisana ndi malole ndi mabasi pa phula limodzi. Akagundidwa, banja lonse litaya cakudya, pamodzi ndi makolo a kumudzi amene anali kulandira thandizo kwa iye.

Cifukwa cace mnyamata wocoka kumudzi ndi njinga yace ayenera kudziwa kuti Lusaka si njira ya kudimba. Ayende kumanzere, akonze mabuleki, aike nyali, avale coonekera patali usiku, ndipo asasenze katundu wotsekereza maso. Naye woyendetsa galimoto akumbukire kuti ulemu umene apereka kwa gulu pa 3 June ufunikanso pa 4 June, pamene bambo wa ku George ali yekha pa mseu wa Lumumba ndi matumba ace a makala.