Nyemba zisanu ndi zitatu pa mphasa

Pepala limene linayambitsa nkhani yonseyi ndikadali nalo. Analemba ndi mwana wanga wachisamba, mtsikana, mu Epulo 2023. Pamwamba anaika mawu akuti "Férias ku Malawi", pansi pake maina anayi: Blantyre, Zomba, Mangochi, Lilongwe. Pambali pa dzina lililonse analemba maola amene mapu a m'foni anamuuza. Ataphatikiza anapeza kuti sabata imodzi ikwana, n'kutsalanso tsiku logulira nsapato.

Ndikudziwa kuti wina waseka kale. Ku Malawi n'kunja ngati? Ife a ku Milange timafika pa mlatho wa Muloza pa njinga, shuga wa m'tiyi wathu timakagula ku Limbuli, chimanga chathu chimadyedwa ku Mulanje, ndipo pamsika pathu kwacha imayenda limodzi ndi metikali popanda kukangana. Koma kudumpha mtsinje m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke n'kwina, kunyamula banja lonse kukagona m'mizinda ya eni n'kwinanso. Mukalowa mkati mwa dziko, wapolisi wa pa rodibuloko safunsa kuti mfumu yanu ndani. Amafuna pasipoti yodindidwa. Visa satifunsa ife a ku Mozambique, koma pasipotiyo imatengedwa ku Migração ku Quelimane, kudzera ku Mocuba, ndipo ulendo umenewo pawokha umadya ndalama ulendo weniweni usanayambe. Kwathu nandolo yense wa chaka chimenecho anathera pamenepo.

Madzulo a tsiku limene pepala linabwera, amayi anga anali pakhonde akusenda chinangwa, akumva zonse. Ana atatha kulongosola, iwo anangoti, "Nanenso ndipita nawo. Mukanditule kwa anzanga aja." Mtsikana anatenga cholembera n'kuwonjezera pamwamba pa Blantyre: "Kwa anzawo a anganga, maola 2."

Sindinamukalipire, chifukwa sankadziwa. Mu 1986, nkhondo itafika m'vila muno, tinathawira kutsidya ine ndili kamwana. Mayi wina wa m'mudzi wa kufupi ndi Limbuli anatidulira kachigawo ka munda wake, tinamangapo kanyumba ka udzu, ndipo tinakhala pamenepo mpaka mtendere wa 1992 utakhazikika. Mwana wake wamwamuna anali msinkhu wanga. Tinkasaka limodzi mbewa, ndipo ndi iye amene anandiperekeza tsiku loyamba kusukulu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, madzi anamutenga. Ifenso kuno tinali pamavuto athu, njira zinali zitaduka, ndipo kumaliro sitinapiteko. Chiyambire pamenepo amayi ankangoti tili ndi ngongole. Ngongole yotere simubweza ndi maola awiri minibasi ikukudikirani pamsewu.

Tsono ndinayala mphasa, n'kutenga nyemba zisanu ndi zitatu, masiku amene akuntchito anandilola kuchokapo mu Disembala. Ndinauza ana kuti nyemba iliyonse ndi tsiku, ndipo tsiku lililonse limene tikwere galimoto ndi katundu, nyemba yake tichotse.

"Koma ababa, kuchoka pa Muloza kufika ku Limbe foni ikuti sipakwana maola awiri!"

Foniyo sinama, koma imawerengera munthu wa galimoto yakeyake. Siidziwa kuti minibasi sinyamuka isanadzaze, kuti imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, kuti pa Chitakale mukhoza kutsitsidwa n'kugulitsidwa kwa ina, kuti pa rodibuloko matumba amatsitsidwa. Siidziwanso kuti tchuthi chathu chachikulu chimagwa m'dzinja, pamene mvula imakonda kubwera masana, ndiponso kuti tili ndi nkhalamba imene ikakhala maola atatu yopinda miyendo, mawa lake mawondo amakana. Ukafika, upeze nyumba, upereke moni, usambe, kwada.

Tinayamba kuchotsa. Milange kupita kumudzi, imodzi. Kumudzi kupita ku Blantyre, yachiwiri. Zomba, yachitatu. Mangochi, yachinayi. Lilongwe, yachisanu. Kubwerera ku Blantyre, makilomita oposa 300, yachisanu ndi chimodzi. Kufika kwathu, yachisanu ndi chiwiri. Pamphasa panatsala nyemba imodzi yokha. Akazi anga anaseka mpaka misozi, amvekere, "Ndiye kuti tikaona mipando ya minibasi za ku Malawi basi." Anganga awo anaponyapo mwambi uja wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kudula kunali kowawa, makamaka kwa mzime wanga, mnyamata, amene mtima wake wonse unali pa Bingu National Stadium ku Lilongwe. Nanenso, kunena zoona, ndinkafuna kuti adutse pa Lizulu ku Ntcheu, aone malo amene msewu ndiwo malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Angónia, dziko lake lomwe. Mtsikana ankalirira nyanja. Ana anga sanaionepo nyanja imene kusukulu amaiphunzira kuti Lago Niassa, pakuti gombe la dziko lathu lili kutali ku Metangula, kupitirira Lichinga. Koma tinagwirizana lamulo limodzi: paliponse pamene tifike tigonepo kawiri, kuti pakati pakhale tsiku lathunthu losanyamula chikwama. Ndi lamulo limenelo panakwana malo atatu okha: kumudzi, Blantyre ndi Zomba. Inatsala nyemba imodzi. Mnyamata anati imeneyo ikhale ya Mangochi. Ndinakana. Ndinaiika m'thumba la malaya, ndinati iyi ndi ya tsoka. Anakhala masiku awiri osandilankhula bwino.

Zotsalazo zinali zing'onozing'ono koma zofunika kuziganizira kukadali nthawi. Sukulu za ku Malawi zimayamba chaka mu Sepitembala, choncho tchuthi chawo cha Khirisimasi n'chachifupi. Tikanadikira pakati pa Januwale tikanapeza ana a msuweni wanga ku Bangwe atabwerera kale m'kalasi. Munda tinausiya m'manja mwa alamu anga pamodzi ndi ndalama ya aganyu, chifukwa udzu sudziwa kuti mwini wake ali pa férias. Msuweniyo ndinamuimbira mwezi wathunthu tisananyamuke, n'kumuuza kuti tili anthu asanu ndipo tigona kawiri. Kugona kwa abale si kwaulere ayi. Anthu asanu m'nyumba ya lendi m'tauni ndi makala, madzi ndi ndiwo, tsono tinanyamula nyemba ndi mpunga. Mlendo ndi mame.

Pa ndalama ndinadzinamiza ndekha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndinaganiza kuti metikali yanga ikakhala mfumu kutsidya. Posintha ndinalandiradi mpukutu wonenepa, koma mitengo ya minibasi ndi ya chakudya inali itakwera kale kuthamangira kwachayo. Chimene chinatipulumutsa ndi nzeru ya akazi anga. Anagawa ndalama patatu: yoyendera, yodyera ndi kugonera, ndi yobwerera. Yobwererayo anaipereka kwa apongozi awo, amene anaimanga pa mfundo ya kapulana wamkati. Palibe banki yovuta kutapako ngati imeneyo.

Tsiku la kumudzi ndi limene ndimalikumbukira kuposa onse. Tinafika madzulo, ndipo amayi awiriwo atangoonana anakhala pansi pabwalo pomwepo n'kuyamba kulira, ngati maliro achitika dzulo. Anthu oyandikana nawo anabwera, tinakhala chete, kenaka ndinalankhula mawu opepesa m'malo mwa banja lathu. Ine amene ndimalankhula tsiku ndi tsiku pa wayilesi, tsiku limenelo mawu anandithawa. M'mawa mwake anatitengera kumene kunali nyumba ya mnzanga uja. Panalibe chilichonse, miyala yokhayokha yotsika kuphiri, ina yaikulu ngati nkhokwe. Mkazi wake wamasiye anatilozera pamene panali khitchini.

Masana nkhuku inaphedwa, ndipo pamene nkhuku yaphedwa mlendo sanyamuka. Pakudya nkhani zinatembenuka. Anayamba kukumbutsana za ufa wachikasu umene othawa nkhondo tinkalandira, mmene amayi anga ankausinthanitsira ndi masamba a nkhwani, ndi tsiku limene ndinagwa mumtengo wa mango n'kunama kuti wandikankha ndi mnzangayo. Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ana anga anangoti kukamwa yasa. Sankadziwa kuti bambo awo anaphunzira kulemba m'Chichewa asanadziwe liwu limodzi la Chipwitikizi. Usiku ndinaona mtsikana atatulutsa pepala lake, akufufuta pamene analemba "maola 2".

Ku Blantyre tsiku lathunthu linali limodzi, ndipo ndinati aliyense asankhe chinthu chimodzi. Mtsikana anasankha nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri. Popeza Kamuzu Stadium ili pafupi pomwepo, mnyamata anakaisuzumira, ndipo nkhope inayambako kumasuka. Akazi anga anafuna tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija cha njerwa chimene chinatha kumangidwa mu 1891. Amayi anasankha kugona, ndipo ndikuganiza kuti anasankha bwino kuposa tonse. Nsapato zija tinagula mumsika wa Limbe pobwerera ku Bangwe. Chimene palibe anachiganizira ndi soketi: za ku Malawi ndi za mabowo atatu a makona, pamene matchaja athu ndi a timiyendo tiwiri tozungulira. Mafoni onse anazima usiku woyamba, mpaka tinagula kolumikizira pamsika.

Zomba ndinaisankha ine, ndipo chifukwa chake sichinali chapamwamba: ili pafupi, makilomita osapitirira 70 kuchokera ku Blantyre. Linali likulu la Malawi mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri. Kumeneko tilibe m'bale, choncho tinalipira zipinda ziwiri pa lesitihausi, ndalama imene ndinaiwerengera kale. Tinachita hayala galimoto kukwera phiri kukaona damu la Mulunguzi. Titangofika, nkhungu inatsika n'kuphimba zonse, moti tinaona madzi pang'ono ndi mitengo ya paini. Mnyamata anati phiri lathu la Tumbine likanatha kumuonetsa nkhungu yomweyo kwaulere. Sindinamutsutse. Komabe amayi, amene ndinkaopa kuti atopa, ndi amene anakondwa kwambiri. Anakhala pamwala atafunda kapulana, akudya chimanga chootcha, akuti chibadwire sanakwerepo phiri atakhala pansi.

Pobwerera mapu ankaonetsa njira yachidule yodzera ku Jali ndi Phalombe kukatulukira pa Chitakale. Ndinaikana. M'dzinja, chaka chomwecho cha Freddy, ndili ndi nkhalamba ndi ana, ndinafuna njira imene galimoto ikafa pamabwera ina msanga. Ndipo inafadi. Titangopitirira Namadzi minibasi inayamba kutsokomola, kenaka zii. Kondakitala anati tidikire pang'ono, mnyamata wapita kukatenga kachitsulo. Pang'onopo panakwana maola anayi, mvula ikugwa, ndalama zathu atakana kubweza. Tinafika ku Limbe dzuwa litapendeka kwambiri, ndipo chipata cha pa Muloza chimatsekedwa madzulo. Tikanapitirira tikanagona pakhonde la sitolo kumalire.

Ndinapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa nyemba ija, ndinaipereka kwa mnyamata osanena kanthu. Anaiyang'ana, n'kunyamula chikwama cha anganga ake, kutsogola kupita kokwerera minibasi za ku Bangwe. Msuweni anatilandiranso usiku wachitatu umene sitinapangane, ndipo mpunga umene tinasiya unagwira ntchito. M'mawa amayi anamasula mfundo ya kapulana, ndalama yobwerera ili yonse, yonunkha utsi wa fodya wawo.

Tinawoloka mlatho wa Muloza masana a tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo mawa lake ndinali pantchito nthawi yake. Pepala lija mtsikana analikhoma kuseri kwa chitseko. Maina awiri ndi odulidwa mzere, Mangochi ndi Lilongwe akadali oyera. Mnyamata wapempha mizere khumi m'munda wa kumunsi kuti adzale nandolo wakewake, ndipo wawerengera kale ndi nyemba kuti Lilongwe yokha ifuna zisanu ndi imodzi: ziwiri popita, ziwiri pobwera, imodzi ya ku sitediyamu, ndi ina ya m'thumba.