Za minga ndi za gogoda pa benchi langa

Ntchito yanga ndi yosoka nsapato, ndipo ndimakhala pakhonde la sitolo ina pa Chiringa, kuno kwa Nazombe. Zambiri zimene zimandipeza ndi zamasiku onse: patapata woduka lamba, nsapato za ana a sukulu zoyasama kutsogolo zimene ndimaziikira soli ya tayala la galimoto. Koma mitundu iwiri imandidyera nthawi, za minga za othamanga ndi za gogoda za amayi. Ine amene ndimazitembenuza kunsi ndimaona kuti n'zapachibale, pakuti zonse zimasenzetsa thupi lonse kutsogolo kwa phazi, pamene pamayambira zala.

Za minga zimabwera ndi anyamata ndi atsikana a ku sekondale, atazitola pa kaunjika tsiku la msika. Ambiri amakopeka ndi mtundu wowala. Ine ndimayamba ndafunsa kuti, "Umathamanga mtunda wanji, mwanawe?" Nsapato ya wothamanga mamita 100 kapena 400 imakhala yolimba kunsi, yosapindika, ndipo kuchidendene ilibe kanthu, chifukwa mwini wake samapondera kumeneko. Ya mamita 5,000 imapindika ndipo ili ndi kasiponji kuchidendene. Mwana wa mtunda wautali akavala yoyambayo, akatumba amamuwawa mpikisano usanafike pakati.

Kenako ndimafunsa za bwalo. Minga yaifupi, ya mamilimita 6, anaipangira njira ya mphira ngati ya pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, ndipo kumeneko salola yopitirira mamilimita 9. Mabwalo athu kuno ndi dothi. Mu Okutobala limauma gwaa, minga siilowa, imangobwezera ululu kuphazi. Mvula ikagwa, makande amamata kunsi konse. Pa kapinga wonyowa m'pamene yaitali imathandiza. Ndipo amene akukonzekera mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje ndimamuuza mosabisa kuti minga aisiye kunyumba. Chitsulo pa thanthwe chimaterereka. Kumeneko kumafunika soli ya mphira yokhala ndi mano akuya.

Pa kaunjika yang'anani mabowo omangiramo minga. Ngati achita dzimbiri kapena mazinga ake anatha, musagule, ngakhale mtengo utsike bwanji. Chimenecho sindingathe kukonza. Nsalu yong'ambika ndimasoka, soli yomatuka ndimamata, koma bowo lakufa ndi lakufa.

Za gogoda zimachuluka nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati, anthu akakolola. Mkati mwa nsapato imeneyi muli kachitsulo kochokera kuchidendene kufika pakati pa phazi. Kakathyoka, nsapato imagwedera, ndipo m'pamene amayi ambiri amabinya mwendo. Ikani nsapatoyo patebulo, muikankhe pang'ono ndi chala. Ikapendama, ibwezeni. Kamphira kakunsonga kwa chidendene nako kakatha, msomali umatulukira. Musadikire, kusintha kwake n'kotchipa kuposa kukonza chidendene chonse.

Amayi akandifunsa, ndimati, "Mayi, tengani ya chidendene chachikulu, chosapitirira masentimita 5 kapena 6 kutalika kwake." Chosongoka chija n'cha pasimenti. Pa mchenga wa pabwalo la tchalitchi chimamira, ndipo perekaniperekani amavinidwa kwa maola. Yesani nsapato madzulo, phazi litatupa ndi kuyenda, osati m'mawa. Muivale m'nyumba masiku angapo tsiku lenileni lisanafike. Poyenda, chidendene chiyambe kugunda pansi, zala zitsatire, mapazi aponyedwe pafupipafupi, msana uli chilili.

Chimene chimandiwawa ndi kuona mtsikana akuchokera kutali wapansi, kapena atakwera kabaza, gogoda ali kuphazi. Njira zathu zamiyala zimadya nsapato yatsopano tsiku limodzi, n'kusiya matuza. Aiike m'chikwama, ayende ndi patapata, akavale atafika pakhomo la tchalitchi. Othamanga nawo ndimawauza chimodzimodzi: za minga azivalira pabwalo, akamaliza avule, apukute matope, amasule mingayo n'kupaka timafuta m'mabowo kuti dzimbiri lisalowe.