Katsitsumzukwa wa Gogo wa ku Freiburg

Chiperoni akayamba kuwomba kuno ku Zomba mwezi wa Juni, mtima wanga umabwerera ku Freiburg kumene ndinakaphunzira Chijeremani. Kumeneko Juni ndi nyengo yotentha, ndipo dzuwa limalowa 9 koloko ya usiku itapitirira.

Ndinkakhala kwa gogo wina wamasiye. Tsiku lina anandiitanira kukhitchini nati, "Mdzukulu wanga, lero udya Spargel." Nditasuzumira m'dengu ndinaseka chamumtima. Katsitsumzukwa! Kwathu ndinkangomumvera kwa asing'anga. Wakumenekoyu ndi woyera chifukwa amamukwirira m'mizere kuti asaone dzuwa. Tinamusenda, kumuwiritsa, n'kumudyera limodzi ndi mbatatesi ndi batala wosungunula. Kunena zoona, tsiku limenelo sanandikomere. Ndinangomeza kuopa kukhumudwitsa gogoyo. Koma pofika pa 24 Juni, tsiku la Yohane Mbatizi pamene alimi amaleka kukumba kuti mbewuyo ipume, ndine amene ndinadandaula kwambiri.

Zinanso ndimazisowa: kukathyola tokha sitiroberi kumunda, kuviika mapazi m'timifuleni ta Bächle pakati pa mzinda, ndi Spaghettieis, ayisikilimu wooneka ngati supageti amene anandipusitsa anzanga akuona.

Chaka ndi chaka gogo ankanditumizira khadi yondiuza kuti nyengo ya Spargel yayamba. Chaka chatha khadi inafika ndithu, koma inalembedwa ndi mwana wawo. Mpeni wosendera umene anandipatsa pondiperekeza ulipobe m'kabati. Ndimasendera mbatata.