Amayi a m'Mphepete mwa Mtsinje wa Rio Grande

Amayi anzanga, sabata ino tiyeni tiyende ulendo wautali mpaka kummwera kwa chigawo cha Texas, m'dziko la America, kumene mtsinje wa Rio Grande udachita malire ndi dziko la Mexico. Mukaima mumzinda wa Brownsville, tsidya linalo ndi Matamoros. Anthu ambiri kumeneku amalankhula Chisipanishi.

Mukatuluka m'tauni mupeza midzi yotchedwa colonias. Kumeneku amphawi adagula malo otsika mtengo, opanda mipopi kapena misewu yatala, namanga nyumba zawo pang'onopang'ono. Chipatala ku America n'cholipira, ndipo mabanja ambiri m'midziyi alibe inshuwalansi. Ena amaopa kupitako poti alibe zikalata zokhalira m'dzikolo. Motero khansa ya khomo la chiberekero imagwira amayi ochuluka kuno kuposa madera ambiri a America, ndipo kawirikawiri imadziwika itafika kale patali.

Nthendayi imayamba ndi kachilombo ka HPV, kopatsirana pogonana. Imatha zaka 10 kapena kuposerapo ikukula mwakachetechete, mayi osamva ululu. Akayezedwa m'nyengo imeneyi, malo odwalawo amachizika asanasanduke khansa.

Tsono taonani amayi otchedwa promotoras. Ameneŵa ndi a m'midzi momwemo amene adaphunzitsidwa zaumoyo. Amayenda khomo ndi khomo, amalankhula kutchalitchi, amakhala pansi ndi mnzawo m'khitchini n'kumufotokozera m'chinenero chake kuti kuyambira zaka 21 ayenera kuyezedwa zaka zitatu zilizonse. Wamanyazi amamulimbitsa mtima, wosowa galimoto amamupezera, wamantha amamuperekeza. Amamuuzanso kuti lamulo la 1990 lidakhazikitsa thandizo loti amayi osauka aziyezedwa ulere kapena pamtengo wochepa, ndi kuti katemera wa HPV, amene adavomerezedwa mu 2006, amateteza ana awo.

Boma lingathe kupereka ndalama, koma mayi amamvera mayi mnzake amene amamudziwa.

Nthenda yomweyi ikutha amayi ambiri kwathu kuno, ndipo anamwino athu amaiyeza ndi viniga m'kanthawi kochepa. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Pamsonkhano wa gulu lanu ukubwerawu, funsanani kuti ndani sanayezedwe, ndipo musankhe tsiku loti mupite naye limodzi.