Mphindi 10,080 za pa Sabata

Sabata imodzi ili ndi mphindi 10,080: masiku 7, tsiku lililonse maola 24, ola lililonse mphindi 60. Mwa manambala onse amene ndaphunzitsapo m'boma la Mecanhelas, imeneyi ndiyo ndimaikonda, chifukwa imaonetsa poyera ngati mwana wamvetsa masamu kapena akungobwereza mawu.

Mwana wa ku Insaca kapena ku Entre-Lagos angathe kunena bwinobwino kuti "dez mil e oitenta", mphunzitsi n'kukondwa. Komatu kutchula dzina la mlendo si kumudziwa. Masamu amayamba ndikamufunsa m'Chinyanja kuti, "Akanakhala matemba ochuluka chonchi, kodi anthu asanu ndi awiri akanagawana popanda otsala?" Za kugawana nsomba za ku Chiuta ndi ku Chilwa anazidziwa asanaponde pasukulu, ndiye amayankha mosaopa.

Tikatero timayamba kuifufuza nambalayo. Poti imathera ndi 0, imagawika ndi 2, 5 ndi 10. Tikaphatikiza 1 ndi 8 timapeza 9, choncho imagawikanso ndi 3 ndi 9. Za 7 ana amatulukira okha akakumbukira masiku a pa sabata. Kuyambira 1 mpaka 10 palibe imene imasiya chotsala. Yoyamba kukanika ndi 11, imene imasiya 4. Tikaiphwanya mpaka pomaliza timapeza 2×2×2×2×2×3×3×5×7. Manambala oigawa ndendende alipo 72, ndipo palibe nambala yocheperapo imene ili ndi oigawa ochuluka chotero. Manambala a mtundu umenewu ndiwo analongosola katswiri wa ku India, Srinivasa Ramanujan, mu 1915.

Tsono chotsanipo mphindi imodzi yokha. Nambala 10,079 imakana kugawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ana a m'kalasi mwanga anaitcha "youmira", ndipo 10,080 anaitcha "yopatsa". Ndinalemba mayina awiriwo pabolodi, kenaka ndinawauza kuti youmirayo pa Chipwitikizi amati número primo. Mawu achilendowo sanawavute, pakuti anapeza tanthauzo litakhazikika kale.

Chinyanjanso chili ndi pake poterera, ndipo muyenera kupadziwa. Nambala yathu timati zikwi khumi ndi makumi asanu ndi atatu. "Atatu" akugwirizana ndi "makumi", ndiye kuti 80. Koma mwana akanena kuti mphindi makumi asanu ndi zitatu, watchula 53, chifukwa "zitatu" zikugwirizana ndi "mphindi". Mgwirizano wa mawu umene timaphunzitsa pa phunziro la chiyankhulo ndiwo ukulekanitsa 80 ndi 53. Auzeni ana atchule pakamwa, alembe manambala, kenaka afananize.

Kuyambira 1993 mpaka 1997, PEBIMO inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete, ndipo mu 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri analowa m'masukulu a boma ku Mozambique. Komabe mudzakumana ndi makolo, ngakhalenso aphunzitsi anzanu, onena kuti chiyankhulo chathu n'cha nthano ndi nyimbo basi, masamu sichingawathe. Musalimbane nawo. Aitaneni adzakhale kumbuyo kwa kalasi tsiku limene mudzalembe 10,079 ndi 10,080 pabolodi, adzamve ana akutsutsana m'Chinyanja za nambala imene ingagawike ndi 7.